Mboni yosankha woti imuone

VAR yawasowetsa mtendere okonda mpira wamiyendo. Kukangokhala masewero a ku England kumathero a sabata, Lolemba lake mumva madandaulo m'minibasi, kumsika ndi pa wailesi: chigoli achikana chifukwa cha chala chakuphazi, refu waima mphindi zinayi maso ali pa kanema, masewero azizira. Madandaulowa ndi omveka. Komabe anthu a VAR ndi olembedwa ntchito, malamulo adawaphunzira, maina awo amalengezedwa, ndipo nkhani imatha mpira usadapitirire. Ku gofu, mpaka kumapeto a chaka cha 2017, VAR idali munthu wina aliyense yemwe ali ndi TV ndi foni. Munthu ali phee pa sofa kunyumba kwake ankatha kuona kanthu pa kanema, n'kuimba foni kapena kutumiza imelo kwa oyendetsa mpikisano, wosewera n'kulangidwa, ngakhale cholakwacho chidachitika dzulo.

Kwa inu amene gofu mumangomuona podutsa pa SuperSport mukusaka mpira, ndifotokoze pang'ono. Bwalo limakhala ndi maenje 18. Wosewera amamenya kampira kuchokera poyambira mpaka kakalowe m'dzenje, ndipo kumenya kulikonse, tinene kuti shoti, kumawerengedwa. Mipikisano ikuluikulu imatenga masiku anayi, kuyambira Lachinayi mpaka Lamulungu, ndipo amapambana ndi amene wamaliza ndi mashoti ochepa. Choncho chilango kumeneko si khadi lofiira kapena penate. Amangokuwonjezera mashoti omwe sudamenye. Awiri okha ndi okwanira kuti wina anyamule chikho, wina abwerere kwawo chimanjamanja.

Pa 2 Epulo 2017, tsiku lotsiriza la ANA Inspiration ku Mission Hills m'boma la California, womwe udali umodzi mwa mipikisano isanu ikuluikulu ya amayi, Lexi Thompson wa ku America ankatsogola ndi mashoti awiri kutatsala maenje 6. Adali ndi zaka 22. Akuchoka pa dzenje la 12 kupita pa la 13, mayi woona za malamulo, Sue Witters, adamuyandikira n'kumuuza kuti amuwonjezera mashoti anayi. Mtsikanayo adafunsa ngati adali macheza. Sadali macheza.

Mlandu wake udali wa dzulo lake, Loweruka, pa dzenje la 17. Mpira ukafika pa kapinga wosalala wozungulira dzenje, yemwe eni masewerowa amati girini, lamulo limalola kuunyamula ndi kuupukuta, bola uike kachizindikiro pambuyo pake, kawirikawiri kandalama kachitsulo, kenako uubwezeretse pamalo pomwepo. Mpira wa Thompson udatsala ndi masentimita ngati 30 kuti ulowe, mtunda woti ngakhale ine ndi mtengo wa tsache ndikhoza kulowetsa. Adaika kachizindikiro, kunyamula mpira, n'kuubwezeretsa nthawi yomweyo, koma udakhala pambali pang'ono, kusiyana kwake ngati kunenepa kwa chala. Wosewera naye sadaone. Oona za malamulo sadaone. Adaona ndi munthu wina kunyumba, yemwe adatumiza imelo Lamulungu mpikisano uli mkati, ndipo bungwe la LPGA silidaulule dzina lake. Mashoti awiri adali a kumenyera mpira pamalo olakwika. Awiri enawo adali a kusainira khadi la Loweruka lopanda chilango chomwe iye sankadziwa n'komwe kuti chilipo. Ndiye kuti adamulanga kawiri, poyamba chifukwa cholakwitsa, kachiwiri chifukwa chosadziwa kuti walakwitsa.

Munthu yemwe ankatsogola ndi awiri adapezeka ali m'mbuyo ndi awiri. Adamenya mpira wa pa dzenje la 13 misozi ili mbwembwembwe, khamu likufuula dzina lake, ndipo modabwitsa adabweza ngongole yonseyo mpaka kufanana mphamvu ndi So Yeon Ryu wa ku South Korea. Pa dzenje lowonjezera lolekanitsa awiriwo adapambana ndi Ryu. Mtsikana wa ku Korea uja sadalakwe kanthu, adasewera bwino masiku onse anayi, koma chikho chake chachikulu chachiwiri adachinyamula anthu akukamba za mnzake. Tiger Woods, yemwe naye ankaonera, adalemba pa Twitter kuti oonera ali kunyumba sakuyenera kukhala oimbira masewero.

Kuti timvetse mmene masewero aulemu chonchi adafikira poweruzidwa ndi munthu wosadziwika, tiyambire pa khadi lija. Bwalo la gofu ndi lalikulu ngati munda wa esiteti. Osewera amamwazikana m'timagulu ta awiri kapena atatu, ndipo ngakhale patakhala woona za malamulo woyenda ndi gulu, sangaone mpira uliwonse womwe wagwera m'tchire. N'chifukwa chake kuyambira kale masewerowa adatsamira pa mawu a wosewera mwini. Mashoti ako amalemba ndi mnzako amene ukupikisana naye, iwe umalemba ake, pomaliza aliyense amaona khadi lake n'kusainira. Mpira ukasuntha uli wekha m'udzu, umayenera kudzinenera.

Ndipo alipo amene adadzineneradi. Pa U.S. Open ya 1925 ku Worcester, Bobby Jones adati mpira wake udasuntha pomwe ankakonzekera kumenya. Palibe wina adaona, akuluakulu adayesa kumunyengerera kuti aiwale, iye adakakamira kuti amulembere shoti limodzi lachilango. Pomaliza adafanana mphamvu ndi Willie Macfarlane ndipo adagonja pobwereza. Anthu atamuyamikira, akuti adayankha kuti kutero kuli ngati kuyamikira munthu chifukwa sadabe ku banki. Mu 2010 Brian Davis wa ku England, akulimbirana chikho ndi Jim Furyk ku Hilton Head, adaitana yekha woona za malamulo n'kunena kuti akuona ngati ndodo yake idakhudza kabango kothothoka pomwe ankaikokera m'mbuyo. Kanema wochedwetsa adamuvomereza, adalangidwa mashoti awiri, chikho n'kupita kwa Furyk. Ukadakhala mpikisano wake woyamba kupambana ku America.

Masiku akale khadi lidali ndi mphamvu kuposa kanema. Pa Masters ya 1968, Roberto De Vicenzo wa ku Argentina adalowetsa mpira pa dzenje la 17 ndi mashoti atatu, dziko lonse likuonera pa TV. Womulembera, Tommy Aaron, adalemba 4 m'malo mwa 3. De Vicenzo, mutu uli wotentha, adasainira osaonetsetsa. Lamulo limati ukasainira nambala yokwera imakhala yomweyo, choncho 65 yake idasanduka 66, ndipo m'malo mobwereza ndi Bob Goalby adangokhala wachiwiri. Lidali tsiku lomwe ankakwanitsa zaka 45. Aliyense adaona shoti lachitatu likulowa, koma kanema sadaloledwe kukhala mboni yomupulumutsa. Mkuluyo adangodzitcha yekha chitsiru, osaloza chala munthu.

Patatha zaka 19 zinthu zidatembenuka: kanema yemwe sadathe kupulumutsa munthu adayamba kutha kumupachika. Mu 1987 ku Torrey Pines, mumzinda wa San Diego, mpira wa Craig Stadler udagwera pansi pa mtengo wa nthambi zotsika, moti adayenera kumenya atagwada. Pansi padali ponyowa, iye adayala thawulo kuti buluku lisade. Lidali Loweruka. Lamulungu a TV adaonetsanso kachigawo kameneko pofuna kusangalatsa anthu, poti munthu wathupi ngati Stadler akumenya mpira chogwada ndi zoseketsa ndithu. Mafoni adayamba kulira. Malamulo amaletsa kudzikonzera popondera, ndipo thawulo lidawerengedwa ngati kudzikonzera popondera. Stadler adamaliza mpikisano ali pa nambala yachiwiri limodzi ndi ena, kenako adauzidwa kuti wachotsedwa chifukwa khadi la dzulo adasainira lopanda chilango. Madola oposa 37,000 adapita chifukwa choopa matope pa bondo. Mtengowo utayamba kuuma mu 1995, eni bwalo adamuitana kuti adzaudule yekha ndi macheka a injini, ndipo adabweradi.

Pambuyo pake milandu yotere idachuluka, makamaka makamera atayamba kuona bwino kuposa maso. Mu Januwale 2011 mokha adachotsedwa awiri, Camilo Villegas ku Hawaii ndi Padraig Harrington ku Abu Dhabi. Harrington adali atamenya 65 tsiku loyamba, ndipo tchimo lake lidali loti chala chidakhudza mpira pochotsa kachizindikiro, mpira n'kusuntha pang'ono kwambiri moti padafunika kanema wochedwetsa kuti zioneke.

Vuto langa ndi oimba foni aja si loti ankanama. Nthawi zambiri ankanena zoona: thawulo lidalipodi, mpira wa Thompson udakhaladi pambali. Vuto ndi loti mboni yomwe ankadalira, kamera, imasankha woti imuone. Mpikisano ngati The Open kapena U.S. Open umayamba ndi osewera 156. Pa mphindi iliyonse mipira yambirimbiri imakhala ikumenyedwa m'maenje osiyanasiyana, koma kanema wanu amaonetsa umodzi. Amasankha ndi mkulu wina wokhala m'chigalimoto chodzaza ndi makanema kuseri kwa bwalo, ndipo iye sadalembedwe ntchito yoona chilungamo. Adamulemba kuti inu musasinthe tchanelo, otsatsa malonda asathawe. Ndiye amakupatsani amene akutsogola, amene ali ndi dzina, ndi mwana wa kwawo. Wosewera wa nambala 90 pa mndandanda akhoza kusewera masiku awiri, kulongedza zikwama n'kukwera ndege osaonekapo ngakhale kamodzi.

Taganizirani chipinda cha mayeso momwe muli ana 156. Woyang'anira waima pa desiki ya mwana mmodzi maola atatu onse, magalasi okulitsa zinthu ali m'manja, ndipo wauzanso mudzi wonse kuti uzisuzumira pa windo kuyang'ana mwana yemweyo. Akamugwira atatembenuka khosi, walakwadi, lamulo ndi lamulo. Koma kodi tinganene kuti mayesowo ayenda mwachilungamo pomwe ana enawo palibe adawayang'ana? Pa gofu onse 156 akulimbirana thumba limodzi la ndalama, ndipo shoti lililonse lomwe wina wawonjezeredwa limakweza anzake pa mndandanda, kuphatikizapo amene mwina adalakwitsa chimodzimodzi kamera ili kwina.

Paja mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo pa gofu palibe mutu udakulapo ngati wa Tiger Woods. Masiku a mphamvu zake kamera inkamulondola kuyambira potsika galimoto. Pa Masters ya 2013, Lachisanu, pa dzenje la 15, adamenya shoti labwino mopitirira muyezo moti mpira udagunda ndodo ya mbendera n'kubwerera m'madzi. Adasankha kukamenyeranso pomwe adamenyera poyamba, zomwe lamulo la nthawiyo linkalola bola mpira watsopano augwetse pafupi kwambiri ndi malo akalewo. Iye adaugwetsa m'mbuyo pang'ono. Adaimba foni ndi David Eger, wosewera wachikulire yemwenso adagwirapo ntchito yoona za malamulo. Akuluakulu adayang'ana kanema Woods akadali m'bwalo, adati palibe vuto, ndipo sadamuuze kanthu. Kenako Woods mwini, akucheza ndi atolankhani a TV, adafotokoza monyadira kuti adabwerera m'mbuyo mayadi awiri kuti mpira usakagundenso mbendera. Adadzipachika ndi pakamwa pake. Loweruka m'mawa adamuwonjezera mashoti awiri koma sadamuchotse, ati chifukwa akuluakuluwo ndiwo adalakwitsa posamufunsa asadasainire.

Apa ndiye pomwe nkhani imakoma, chifukwa kutchuka kudamuluma mbali ina n'kumuteteza mbali ina. Wosewera wosadziwika sakadaonekera pa kanema, sakadafunsidwa ndi atolankhani, mlandu sukadakhalapo. Koma ambiri ankanenanso kuti wosewera wosadziwika akadagwidwa chonchi akadapakira, ndipo kuti Woods adapulumuka chifukwa a TV sangafune Loweruka ndi Lamulungu la Masters lopanda iye. Ine ndimaona kuti chifukwa chomwe akuluakulu adapereka chidali chomveka, koma pomwe ndalama za kanema ndi malamulo zikudyera mbale imodzi, anthu sangaleke kukayikira. Woods adamaliza ali pa nambala yachinayi limodzi ndi wina, mashoti anayi pambuyo pa Adam Scott ndi Angel Cabrera.

Tisaiwalenso kuti zomwe timaona pa kanema ndi zophikidwa kuti zikome. Zambiri zomwe amatisonyeza ngati zikuchitika pompano zimakhala zojambulidwa mphindi zingapo zapitazo. Mu 2000 kampani ya CBS idavomera kuti inkathira kulira kwa mbalame kojambulidwa kale pa mipikisano ina kuti bwalo lizimveka lamtendere. Adaigwira ndani? Oonera a pa sofa omwewo, koma awa adali akatswiri a mbalame, omwe adamva kulira kwa mbalame zosapezeka m'dera lomwe mpikisano unkachitikira. Oimba foni amenewo ndiye ndimawavulira chipewa, chifukwa ankaweruza kanema, osati wosewera.

Tsono pali mbali ina yomwe sindingaibise, ndipo ili ndi mano. Amene amati kamera ichotsedwe pa nkhani za malamulo akumbukire Patrick Reed. Mu Disembala 2019 ku Bahamas, pa mpikisano wa Hero World Challenge, mpira wake udagwera pa mchenga, mulu waung'ono wa mchenga uli kumbuyo kwake. Poyeserera kamenyedwe, ndodo yake idakokolola mchengawo, osati kamodzi koma kawiri, njira ya ndodo n'kuyera. Kamera idali kumbuyo kwake ndipo apa sipadafunike magalasi okulitsa; aliyense adaona. Adamuwonjezera mashoti awiri. Iye adati sadachite dala, ndipo kuti kamera ikadaima mbali ina anthu akadaona kuti mchengawo udali patali ndi mpira. Adamaliza wachitatu, mashoti awiri enieniwo pambuyo pa Henrik Stenson yemwe adapambana. Pakadapanda kamera, khadi la Reed likadafanana ndi la Stenson.

Ngakhale pa nkhani ya Thompson, si onse adamumvera chisoni. Phil Mickelson, patangopita masiku ochepa, adauza atolankhani kuti akudziwa osewera angapo omwe amachita dala kusuntha mpira pobwezeretsa, kuthawa kakhuluthu kapena kabowo pa kapinga, ndipo kuti khalidweli liyenera kutha. Chala chimodzi pa girini si kanthu kwa ife oonera, koma kwa katswiri chimatha kusiyanitsa njira yosalala ndi yokumbika. Pomwe mphotho zafika mamiliyoni a madola, kudalira mawu a munthu okha ndi kuyesa anthu mopitirira. Sikuti onse ndi a Bobby Jones.

Ndiye funso silakuti kamera ikhalepo kapena isakhalepo. Funso ndi lakuti ione mpaka pati, aiyankhulire ndani, ndipo liti. Pa nkhani ya nthawiyi, chaka cha 2016 chidaphunzitsa akuluakulu a gofu kawiri m'milungu itatu. Pa U.S. Open ku Oakmont, tsiku lotsiriza, mpira wa Dustin Johnson udagwedezeka pa girini ya dzenje lachisanu. Woona za malamulo yemwe adali pomwepo adati palibe mlandu. Atafika pa dzenje la 12, akuluakulu ena omwe adaonera kanema adadzamuuza kuti mwina alangidwa, mwina ayi, aona akamaliza. Maenje 7 otsiriza a mpikisano waukulu chonchi adaseweredwa popanda wodziwa kuti akutsogola ndi mashoti angati, kaya Johnson mwini, kaya omuthamangitsa, kaya olengeza. Zili ngati kusewera ndime yotsiriza ya chikho refu atanena kuti chigoli cha m'chigawo choyamba achiganizira masewero akatha. Mwamwayi Johnson adawasiya patali, moti atamuwonjezera shoti limodzilo adapambanabe ndi atatu.

Anna Nordqvist wa ku Sweden sadachite mwayi wotero. Pa U.S. Women's Open ya chaka chomwecho, akubwereza maenje atatu ndi Brittany Lang, ndodo yake idakhudza timchenga tingapo pomwe ankaikokera m'mbuyo. Timchengato tidaoneka kamera itakulitsa chithunzi. Adamuuza za chilango cha mashoti awiri pa dzenje lotsiriza atamenya kale shoti lake lachitatu, pomwe Lang adauzidwa asadamenye lake. Wina adasewera ali mumdima, mnzake akudziwa kuti chofunika n'kungosamala basi.

Akuluakulu amati mlandu suola, koma pa masewero uyenera kuola, apo ayi palibe chotsatira chomwe tingachikhulupirire tikamazimitsa TV usiku. Mabungwe awiri olamulira gofu, R&A ya ku St Andrews ku Scotland ndi USGA ya ku America, adazindikira zimenezi misozi ya Thompson isadaume. Pa 25 Epulo 2017 adalengeza kuti chinthu chomwe diso la munthu silikadatha kuona, monga timchenga ta Nordqvist, sichidzakhalanso mlandu ngakhale kamera itachiona, ndiponso kuti wosewera akachita zonse zomwe akadatha poyeza malo, kuweruza kwake kudzalemekezedwa. Mu Disembala chaka chomwecho adatseka foni: kuyambira pa 1 Januwale 2018 madandaulo a oonera sawerengedwanso, m'malo mwake pamakhala woona za malamulo wopatsidwa ntchito yoonera kanema mpikisano uli mkati. Mashoti awiri owonjezera aja, a kusainira chilango chomwe sukuchidziwa, adawachotsanso. Zikadakhala choncho miyezi 9 m'mbuyomo, ngakhale mlandu wa Thompson ukadagwidwa, akadalangidwa awiri osati anayi.

Kusinthaku kudali kwabwino, koma kudangochotsa munthu wa pa sofa. Mboni ija ikadali yosankha. Woona za malamulo wokhala pa kanemayo amaona zomwe makamera aloza, ndipo makamera amaloza komwe kuli ndalama. Njira yothetsera ilipo. Kuyambira mu 2019 a Masters amajambula pafupifupi shoti lililonse la wosewera aliyense n'kuika pa intaneti. Koma Augusta National ndi kalabu ya anthu olemera zedi, osewera ake sakwana n'komwe 100, ndipo mipikisano yambiri padziko singakwanitse zimenezo. Malamulo a R&A omwewa ndi amene amagwira ntchito ku Lilongwe Golf Club, ku Blantyre Sports Club ndi ku Limbe, komwe mboni zimakhala mnzako wosewera naye ndi mnyamata wonyamula chikwama basi. Buku la malamulo ndi limodzi, koma wina amaweruzidwa ndi mawu ake, wina ndi makina okulitsa udzu umodzi mpaka kudzaza kanema yense.

Ndipo foni itatsekedwa, bwalo lamilandu lidangosamukira pa masamba a mchezo, komwe kulibe Sue Witters woti n'kumufunsa ngati ndi macheza. Mu Julayi 2025 The Open idabwerera ku Royal Portrush ku Northern Ireland, komwe Shane Lowry wa ku Ireland adapambana chikho chomwechi mu 2019. Mwana wa pakhomo, katswiri wakale wa pabwalopo, komanso adamuika gulu limodzi ndi Scottie Scheffler, wosewera woyamba padziko lonse: kamera ikadapitanso kuti? Lachisanu pa dzenje la 12, mpira wake uli m'udzu wautali, adayeserera kamenyedwe pambali pake, ndodo n'kukhudza udzu, mpira n'kugwedezeka pang'ono. Iye akuti sadaone. Kamera yomwe idakulitsa mpirawo idaona, ndipo kachigawo kameneko kadali katazungulira kale pa intaneti iye asadafike pa dzenje la 15, pomwe adamuuza kuti pali nkhani.

Atamaliza adakhala nthawi ndithu ndi akuluakulu akuonera kanema mobwerezabwereza. A R&A adati kusunthako kudali koti diso likadaona likadakhala kuti likuyang'ana pa mpira, choncho lamulo la 2017 lija silimuteteza. Lowry adadandaula kuti chithunzi chomwe adamuonetsa chidali chokulitsidwa pa mpira pokha, padalibe china choonetsa thupi lake lonse ndi ndodo. Komabe adalandira mashoti awiriwo, 70 yake n'kukhala 72, ndipo chifukwa chomwe adapereka ndicho chimandidetsa nkhawa. Sadanene kuti wakhutira ndi umboni. Adati sangalole kuti dzina lake liyende usiku wonse pa masamba a mchezo akumutcha wakuba.

Bobby Jones adadzilanga chifukwa adaona mpira ukusuntha. Lowry adavomera chilango cha mpira womwe akuti sadauone ukusuntha, poopa pakamwa pa anthu. Pa khadi zonsezi zimaoneka chimodzimodzi, koma si chinthu chimodzi ayi. Pano ndiye pomwe ndimaikira mlandu a TV ndi olengeza awo. Chithunzi chochedwetsa ndi chokulitsa chimasandutsa ngozi iliyonse kuoneka ngati chiwembu. Kanthu ka theka la sekondi akakakoka kukhala masekondi 10, n'kukabwereza kasanu, ngakhale munthu wotola ndalama yake yomwe amaoneka ngati mbala. Ngati lamulo likuti muyezo ndi diso la munthu, oonera ationetse kaye zomwe diso la munthu woima pamenepo likadaona, pa liwiro lake lenileni ndi pa mtunda wake weniweni, kenako abweretse magalasi awo, ndipo wolengeza anene poyera kuti ichi chachiwirichi ndi chomwe wosewera sakadachiona chonchi. Akuluakulu nawo agamule wosewera asadamenye pa dzenje lotsatira. Ku Portrush Lowry adasewera maenje anayi otsiriza osadziwa ngati ali ndi mashoti okwanira kuti apitirire ku Loweruka, zomwezija adakumana nazo ku Oakmont mu 2016, komwe iye ndiye adali mmodzi mwa omwe ankathamangitsa Dustin Johnson.